Maginito a Zuberi pa Ufa wa a Chester

Chaka chimene mvula inathawa chimanga chitangomasula ngayaye, ku Liwonde kunafika alendo awiri: njala, ndi mawu atsopano akuti nanoboti. Njala inali mlendo wakale, anthu ankaidziwa ndi kayendedwe kake komwe. Koma nanoboti panalibe amene anamuonapo, ndiye aliyense ankamudziwa bwino kuposa mnzake.

Mawuwa anabwera pa foni. Bambo wina wa mawu okhuthala, wosatchula dzina lake, ankachenjeza kuti mu ufa wa chaka chino mwathiridwa tizinthu tosaoneka, ndipo ukatidya umakhala ngati wailesi, wina n'kumakutembenuza ali patali. Sabata isanathe mawuwo anali atapeza malo pamsika. M'mimba mwa mwana mukamalira, ankati mananoboti akuyenda. Mwamuna akapezeka akuchapa matewera, ankati mkazi wake wamudyetsa mananoboti. Za kondaine zinali zitakhala zachikale.

Sakina, mwana wachiwiri wa Abiti Jimu a kutsidya kwa baraji, mlatho wa pa Shire, ankaseka nawo, koma mumtima ankafuna kudziwa zoona zake. Mwayi wake anali naye womufunsa. Kwa miyezi isanu ndi itatu anali pa chibwenzi ndi Chester, mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale m'tauni momwemo, koma kwawo ku Phalula. Anakumana pamlatho tsiku limene mphepo inaulutsa mpango wa Sakina, Chester n'kuuwakha usanagwere mu Shire. Chiyambire tsiku limenelo Sakina ankakhulupirira kuti munthu ameneyu chilichonse chimene chikugwa amachiwakha.

Anamulembera: “Aphunzitsi, kodi nanoboti n'chiyani? Kuno tatha ndi mantha.”

Asanabweze n'komwe foni m'thumba, uthenga wa mawu unali utalowa, wa mphindi zitatu zathunthu. Sakina anamwetulira. Munthu wophunzira sachedwa kuyankha.

“Wokondedwa, usaope,” anayamba choncho Chester ndi mawu ake ofatsa aja. “Mawuwa ndi a Chingerezi, ndipo ndi awiri olumikiza. Nano ndiye kuti kanthu kakang'ono zedi. Tenga tsitsi lako limodzi, uling'ambe m'litali mwake ka zikwizikwi, kachidutswa kamodziko ndiye msinkhu wake. Boti ndi chidule cha roboti, makina ogwira ntchito okha. Ndiye nanoboti ndi kamakina kosaoneka ndi maso. Akatswiri akunja akadali kuyesa. Akufuna kuti tsiku lina timakina timeneti tizilowa m'magazi a munthu, wina n'kumatiwongolera ali panja, tizikasiya mankhwala pamalo penipeni podwala. Koma zoti wina angatithire mu mgaiwa ndi bodza lamkunkhuniza. Ndipo ngati ukufuna kudziwa zoona, nanoboti amene ine ndikumudziwa ndi mmodzi yekha, ndiwe. Sindinakuone polowa, koma uli m'magazi mwanga, ndipo komwe wandilozera ndimapita.”

Sakina anaumvera uthengawo mpaka batire inatha. M'mawa mwake anakasiya foni pa kabenchi ka Zuberi pamsika, monga mwa masiku onse. Zuberi ankakonza mawailesi ndi kuchaja mafoni. Ankawawerenganso mafoniwo, koma ntchito yachiwiriyi sankauza eni ake. Anali atamufunsira Sakina kawiri, n'kukanidwa kawiri, ndipo konseko anaseka ngati sizinamupweteke.

* * *

Pakhomo pa Abiti Jimu njala inali italowa mpaka kuchipinda. Masabata atatu ankadya chitedze, nyemba zakutchire zija zofunika kuwiritsa tsiku lonse uku ukutaya madzi, apo ayi zikugwetsa. Lukiya, mkulu wake wa Sakina, anali ndi khanda la miyezi inayi. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kungoti zii, ndipo tsopano mkaka unayamba kuuma. Khandalo linasiya kulira mokweza, linkangolira ngati kamwana ka mphaka.

Pamwamba pa zonsezo kunabwera che Uladi, mlongo wawo wa Abiti Jimu, kuchokera kwa Kawinga, nsomba za ku Chiuta zitawakana. Anafika ndi mkeka wopempherera ndi ulamuliro wonse wa mwini mbumba, china chilichonse analibe. Za Chester sankafuna kuzimva. Ankati munthu wosadziwa komwe Asilamu amayang'ana popemphera sangalere adzukulu awo. Chester analonjeza kuti akaonana ndi shehe n'kulowa Chisilamu, Abiti Jimu anachonderera mpaka kummero kuuma, ndipo potsiriza che Uladi analola monyinyirika kuti atsibweni a Chester abwere kudzagogoda mwezi ukatha.

Loweruka lina m'mawa kunamveka odi. Chester anaima pabwalo, thukuta lili kamukamu, kumbuyo kwa njinga yake atamanga thumba lathunthu la ufa.

“Amayi, si zambiri iyayi,” anatero akuvula chipewa. “Ndi kaufa chabe ka ana.”

Abiti Jimu anagwira thumbalo ndi manja awiri, anapisamo chala n'kulawa, kenako misozi inayamba yokha. “Mwananga, Mulungu abwezere pomwe mwachotsa.”

Tsiku limenelo Lukiya anamwa phala makapu awiri, ndipo madzulo khanda linayamwa mpaka kugona. Sakina anaperekeza Chester mpaka pamsewu, mtima utadzaza moti ankaopa kuti anthu auona.

“Mwaupeza kuti ufa wonsewu, chaka ngati chino?” anafunsa.

“Mkazi safunsa komwe mwamuna wake wasaka, Saki,” anayankha Chester akuseka.

Sakina anangomva mawu akuti mkazi. Kuti funso lake silinayankhidwe sanazindikire, ndipo ndani angamudzudzule? Chaka cha njala, mwamuna wobwera ndi thumba la ufa amaposa wobwera ndi galimoto.

* * *

Nkhani ya thumba inafika pamsika isanafike kwa aneba. Lamulungu masana Zuberi anatulukira atavala mkanjo wake woyera, m'manja muli chitsulo chakuda chozungulira chimene anachotsa m'sipika ya wailesi.

“Asalamu aleikumu, che Uladi. Ndamva kuti mwalandira mphatso. Ndati ndisakhale chete, wakutsina khutu ndi mnansi.”

Anapempha lichero ndi ufa pang'ono. Anauyala bwinobwino, nayendetsa maginito aja mu ufamo uku ndi uku. Atawakweza, onse anaona: m'mphepete mwake munali mutamera tinthu takuda, ting'onoting'ono, toima njo ngati ubweya wa mbozi. Zuberi anatikolopolera pa pepala, napititsa maginito kunsi kwa pepalalo. Tinthu tija tinayamba kutsatira dzanja lake.

“Tikuyenda,” ananong'ona Abiti Jimu atagwira pakamwa.

“Simunamve zonse,” anatero Zuberi. Anatulutsa foni yake, ndipo pabwalo ponse panamveka mawu a Chester: “...timakina timeneti tizilowa m'magazi a munthu, wina n'kumatiwongolera ali panja...” Pomwepo anazimitsa.

Sakina anaimirira. “Umenewo ndi uthenga wanga. Mwauba m'foni mwanga, ndipo mwaudula. Seweretsani wonse, amjomba amve pomwe akunena kuti ndi bodza.”

“Ndakupulumutsa, Sakina,” anatero Zuberi mofatsa. “Tsiku lina udzandithokoza.”

Che Uladi anagwedeza mutu kwa nthawi yaitali, ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yotayika. “Ndimadabwa ine. Mwana woti anaphunzira madrasa bwinobwino, kukana Msilamu mnzake kawiri konse n'kumathamangira munthu wa ku Phalula. Kani ndi makina. Tandiuza, sanakugulirepo mandasi munthu ameneyu?”

“Anandigulirapo, amjomba, koma...”

“Basi. Munali momwemo.”

Chimene chinamuwawa Sakina si kuba kwa Zuberi. Chinamuwawa n'chakuti chikondi chake, chimene anachisankha yekha ali maso, anamulanda n'kuchipereka kwa makina. Akalira, ankati mananoboti atentha. Akamuikira kumbuyo Chester, ankati rimoti yadinidwa. Ngakhale mayi ake anayamba kumuyang'ana ndi diso lachisoni, ngati wodwala. Che Uladi anamanga thumba lija n'kuliika kumutu kwa mkeka wawo, ndipo mphika wa chitedze unabwerera pamoto.

* * *

Lolemba ataweruka kusukulu, Chester anabwera ataitanidwa. Anamukhazika pa mpando pakati pa bwalo, Zuberi ali pambali pa che Uladi ngati mlembi wa khoti. Sakina anakhala pakhonde ndi Lukiya, mtima uli m'malo. Ankadziwa kuti munthu wake akangotsegula pakamwa, zonse zitha.

Ndipo poyamba zinayendadi bwino. Chester anatenga tinthu takuda tija, natifikisa pakati pa zala, n'kuseka pang'ono.

“Bambo, ichi ndi chitsulo wamba. M'chigayo muli nyundo zimene zimaphwanya chimanga. Zikakalamba zimaperepeseka, fumbi lake n'kugwera mu ufa. Maginito amakoka chitsulo chilichonse, ngakhale msomali. Ndipo mwaona nokha ndi maso anu. Nanoboti saoneka ndi maso. Chimene mwachiona sichingakhale iyeyo.”

“Ndiye kuti ufa uliwonse uli nato?” anafunsa Zuberi.

“Wa chigayo chakale, inde.”

Zuberi anali atakonzeka. Anatulutsa kajumbo ka ufa wogayitsa pa chigayo chatsopano cha m'tauni, nayendetsamo maginito. Anatuluka oyera.

Che Uladi anatsokomola. “Aphunzitsi, ine sindinapite kusukulu, koma mlandu ndimautha. Mwati vuto ndi chigayo. Chabwino. Tchulani chigayo chake, titume munthu akaone nyundo zakezo. Zikapezeka monga mwanenera, ine ndipepesa pamaso pa anthu onsewa, ufa tidya, atsibweni anu abwere.”

Linali funso losavuta, loti mwana wa sitandade wani akanayankha. Sakina anayang'ana Chester akumwetulira. Chester anayang'ana nsapato zake.

“Ndi kutali, bambo.”

“Miyendo tili nayo.”

“Dzina lake... sindikulikumbuka bwino. Anandigayitsira ndi anthu ena.”

“Anthu ake ati?”

Chester anazunguliza chipewa chake m'manja. Nkhuku inadutsa pakati pa bwalo, khanda la Lukiya linalira kamodzi, ndipo mphunzitsi wodziwa kung'amba tsitsi ka zikwizikwi anakhala duu.

“Mwamva nokha,” anatero che Uladi. “Lachisanu tikatuluka ku mapemphero a Juma, ufa uwu tikauthira mu Shire, ng'ona zikayendetsedwe ndi rimoti. Atsibweni anuwo muwauze asavutike ndi ulendo.”

Sakina anamuthamangira, nakamupeza pamsewu akukwera njinga.

“Bwanji simunatchule?”

“Saki, pali zinthu zina zovuta kufotokoza pagulu.”

“Pano palibe gulu. Pali ine.”

“Ndipatse sabata imodzi yokha, ndikonze zinthu.”

“Mwana wa Lukiya alibe sabata. Mwandisiya ndekha pabwalo paja, a Chester. Anthu akuti ndilibe mutu wangawanga, ndipo inu, amene mukanawatsutsa ndi liwu limodzi, mwawavomereza ndi kukhala chete kwanu.”

“Undikhulupirire, wokondedwa,” anatero Chester. Anamugwira dzanja mwachangu, napalasa njinga osacheuka.

* * *

Sakina anamukhulupiriradi, ndipo apa ndi pomwe chikondi chimapusitsira anthu anzeru. Anadziuza kuti mwina Chester anapempha ufawo kwa abale ndipo akuchita manyazi, poti mwamuna salola kuoneka wopempha pamaso pa apongozi. Ngati iye sangadziyeretse yekha, Sakina amuyeretsa.

Lachiwiri che Uladi atapita kumzikiti ku swala ya masana, anagubuduza thumba lija ngati akusesa. Kunsi kwake, mbali yokhudza dothi, kunali zilembo za penti yofiira: Chigayo cha Tiyesenso, Phalula.

Anatsitsa wailesi ya malemu bambo ake pamwamba pa kabati. Inafa kalekale, koma Abiti Jimu ankaipukuta sabata iliyonse. Sakina anaitsegula ndi mpeni n'kuzula maginito a m'sipika.

“Amama akaona akupha,” anatero Lukiya ali pakhomo, khanda lili pabere lopanda kanthu. “Ndipo ukapita, amjomba anena kuti rimoti yakuitana.”

“Anene. Mwana wako sayamwa zonena za anthu.”

Lachitatu m'mawa anakwera kumbuyo kwa lole ya aneba awo yonyamula nsomba zouma kupita ku Mwanza. Anadutsa Balaka dzuwa litakwera, minda ili mbee mbali zonse, amayi atandanda m'mbali mwa msewu ndi milu ya mango osapsa imene panalibe woigula. Njira yonse Sakina ankaganiza za nkhope ya Chester akadzamva zimene wamuchitira.

* * *

Chigayo cha Tiyesenso chinali kuseri kwa msika, ndipo chinali chete chifukwa magetsi anali atazima. Amayi atatu anagona pa matumba awo a madeya kudikira. Pakhomo panakhala mtsikana wojintcha bwino, wa msinkhu wa Sakina, ufa uli mbuu mpaka m'nsidze. Anati dzina lake ndi Dailesi, mwana wa eni chigayo.

Sakina anafotokoza mwachidule kuti kwawo ku Liwonde kwafika ufa wa pano, ndipo akuluakulu akufuna kuutaya. Dailesi anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

“Inunso za mananoboti? Achemwali, mwezi watha anthu kuno anatsala pang'ono kutiotchera chigayo. Bwerani muone.”

Anamulowetsa m'kati, natapa ufa wotsalira pakamwa pa chigayo. Sakina anayendetsamo maginito a bambo ake, ndipo anatuluka ndi ubweya wakuda uja, wochuluka kuposa wa kunyumba. Kenako Dailesi anatsegula chivundikiro n'kumuonetsa nyundo. Zinali zitadyeka mpaka kupyapyala, m'mphepete mosalala ngati sopo wotha.

“Adadi akuti tisintha tikakolola. Tikolola liti, kaya. Tengani iyi yotheratu tinachotsa dzana, mukawaonetse akuluakuluwo.”

Sakina analandira nyundoyo ndi manja awiri. Inali yolemera, yozizira, ndipo kwa iye inali ukwati wake ndi moyo wa mwana wa Lukiya pamodzi. Anafuna kumukumbatira mtsikanayo.

“Inetu poyamba ndinkaopa ngati anthu ena onse,” anapitiriza Dailesi akukhala pa thumba. “Anandimasula ndi abwenzi anga. Ndi aphunzitsi a sayansi, konko ku Liwonde kwanuko. Dikirani ndikumvetseni momwe anandifotokozera, mwina mungakawauze bwino kwanu.”

Sakina anafinya nyundo ija m'manja. Aphunzitsi a sayansi ndi ambiri, anadziuza. Liwonde ndi yaikulu.

Dailesi anadina foni.

“Wokondedwa, usaope. Mawuwa ndi a Chingerezi, ndipo ndi awiri olumikiza...”

Sanali mawu ofanana chabe. Unali uthenga womwewo, ndi kupuma komweko, ndi tambala yemweyo amene ankalira chapatali pa mawu akuti roboti, tambala amene Sakina ankaganiza kuti ndi wa ku Liwonde. Tsopano anamvetsa chifukwa chake uthenga wa mphindi zitatu unafika iye asanabweze foni m'thumba. Unali wophikaphika, wotsala pa mbale ya wina. Anamvetsanso chifukwa chake mu mphindi zitatu zonsezo munalibe dzina lake ngakhale kamodzi.

Mawu a Chester anapitirira, tsitsi, magazi, bodza lamkunkhuniza. Atafika pakuti, “Ndipo ngati ukufuna kudziwa zoona,” Dailesi anazimitsa msanga, akubisa nkhope m'chitenje.

“Kumapetoku n'kwa ine ndekha, achemwali, musandichititse manyazi.”

“Anakutumizirani liti?” anafunsa Sakina. Anadabwa kuti mawu ake atuluka bwinobwino.

“Mwezi watha, nthawi ya chipwirikiti ija. A Chester ndi munthu wabwino, inu. Mtima wawo ndi wachifundo. Sabata yathayi anabwera kudzadandaula kuti kusukulu kwawo kuli ana amasiye amene akugona ndi njala. Adadi anakana, akuti chimanga chatsala chochepa, koma ine ndinalimbana nawo mpaka anatulutsa thumba lathunthu. Ndinagaya ndekha ndi manja angawa. Ndinati mkamwini wanu akupempha koyamba, mumukanize? Paja chinkhoswe chathu chili mwezi wamawa pa folotini.”

Mwezi wamawa pa folotini. Atsibweni omwewo amene ankayenera kukagogoda kwa Abiti Jimu mwezi ukatha anali atagogoda kale pakhomo lina, n'kulandiridwa.

Sakina anakhala pansi. Anakumbukira mayi ake akulawa ufa ndi chala, akumutcha munthu uja mwana wawo. Anakumbukira wailesi ya bambo ake ili chitsegukire pa kabati. Anakumbukira Chester akuyang'ana nsapato zake pabwalo, ndipo anadziwa tsopano kuti sanaiwale dzina la chigayo. Chester anayeza zinthu ziwiri, kuti Sakina atchedwe wopanda mutu ndi khanda ligone ndi njala, kapena kuti iye agwidwe, ndipo anasankha. Chinamupweteka koposa n'chakuti che Uladi ndi Zuberi, ndi umbuli wawo wonse, sanalakwe kwenikweni. Analipodi munthu amene ankamuyendetsa ali patali, kungoti sanafunikire makina.

Anafuna kudana naye Dailesi, koma anayang'ana manja ake oyera ndi ufa, manja amene anagaya phala la Lukiya, ndipo chidani chinasowa pogwira.

“Mwatani, achemwali? Ndi njala? Dikirani ndikupatseni madzi ndi kachinangwa.”

“Iyayi, zikomo. Ndi dzuwa chabe.”

Foni ya Sakina inanjenjemera m'thumba. Anaisuzumira. “Saki wanga uli kuti? Ndakusowa. Zonse zikhala bwino.” Anaibweza osayankha.

Nyundo ija inali pamiyendo pake. Akaisiya pano, Lachisanu ufa upita mu Shire ndipo dzina la Chester lipita nawo, zomwe zinali zomuyenera. Koma khanda la Lukiya silinalakwire munthu. Ndiye anayenera kuinyamula, akayeretse ndi pakamwa pake mwamuna amene wamupereka, amjomba apepese, atsibweni aitanidwenso. Zimenezo mtima wake unakana. Ufa adya, koma bodza sadya nawo.

“Vuto ndi lakuti amjomba anga ndi ouma mutu,” anatero pang'onopang'ono. “Chitsulo chokhachi anena kuti ndatola panjira. Akuti akufuna kumva kwa eni chigayo. Apo ayi Lachisanu masana ufa autaya, ndipo kunyumba kuli khanda.”

Dailesi anaomba m'manja. “Kutaya ufa chaka chino? Ayi, zimenezo sizichitika ine ndili moyo. Lachisanu m'mawa adadi akupita ku Liwonde kukagula lamba wa chigayo, ndikwera nawo. Ndikawatenga a Chester kusukulu, tibwere tonse atatu. Eni chigayo alipo, aphunzitsi alipo, amjomba anuwo adzafunanso chiyani?”

“Palibenso,” anatero Sakina. “Mubwere nawo ndithu. Adzakhale pampando, afotokoze zonse.”

Anakulunga nyundo m'chitenje n'kuimirira. Magetsi anayaka nthawi yomweyo, amayi aja anadzambatuka kukokera matumba awo, ndipo Dailesi anamuperekeza mpaka panja.

“Koma simunandiuze njira. Tikawoloka baraji tilowere kuti?”

Sakina anamuyang'ana m'maso, mtsikana wabwino amene sanamulakwire chilichonse, ndipo anamumvera chisoni monga ankadzimvera yekha.

“Musavutike ndi njira. Mukawoloka, mungowauza aphunzitsiwo kuti tikupita kwa ana amasiye aja. Pakhomo akupadziwa, anazolowera. Ndipo sangakane, paja sanakuoneni polowa, koma muli m'magazi mwawo, ndipo komwe mwawalozera amapita.”

Kumwetulira kwa Dailesi kunatsala pankhope kanthawi, kenako kunayamba kuchoka. Anayang'ana foni ili m'dzanja lake, pomwe anazimitsira paja, n'kuyang'ananso Sakina.

“Mawu amenewo mwawamva kuti? Achemwali, taimani kaye. Dzina lanu ndani?”

“Mukawafunse Lachisanu,” anatero Sakina. Anasenza nyundo yake, nalunjika kumsewu kukaimitsa galimoto ya ku Liwonde.